Anadziwa bwanji kuti ndi ma black hole, osati lole yodutsa?

Funso: Ndimaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina ku Ndirande. Mwana wina wa Fomu 4 wandipanikiza ndi funso, ndipo sindikufuna kumunamiza. Akuti ngati black hole silola ngakhale kuwala kutuluka, asayansi anadziwa bwanji kuti ziwiri zagundana? Ndinamuuza kuti ku America kuli makina oyeza kugwedera kochepa kuposa atomu. Anangoseka, n'kunena kuti ndiye kuti makinawo anamva lole ikudutsa. Kodi makinawa amagwira ntchito bwanji, nanga chotsimikizira kuti si lole n'chiyani?

Yankho: Aphunzitsi, mwanayo musamubweze, wafunsa penipeni. Nkhani ya lole ndi imene inadya nthawi yambiri pa ntchito yonseyi. Rainer Weiss, mmodzi mwa anthu atatu amene analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa cha makina a ku America amenewo, otchedwa LIGO, ogwira mafunde a mphamvu yokoka ochokera kuthambo, analemba ndondomeko ya makina oterewa mu 1972, ndipo mbali yaikulu ya zolembazo inali kuwerengera chilichonse chimene chingawapusitse. Kuchoka pamenepo kufika tsiku limene funde loyamba linagwidwa panadutsa zaka 43.

Tiyambe ndi mbali yosavuta. Mafunde a mphamvu yokoka satuluka m'kati mwa black hole. Albert Einstein anasonyeza mu 1915 kuti chinthu cholemera chimapinda malo ndi nthawi pamene chili, ndipo kupindikako ndi kumene timakutcha mphamvu yokoka. Mu 1916 anaonanso kuti zinthu zolemera zikamazungulirana, kupindikako sikukhala phee: kumafalikira mbali zonse ngati mafunde, pa liwiro la kuwala. Mvuu ziwiri zikamalimbana usiku pakati pa Shire, munthu ali pagombe saziona, koma madzi amamupeza pamapazi. Mafundewo sanatuluke m'mimba mwa mvuu, abadwira m'madzi ozizungulira. Ndi chimodzimodzi apa. Lamulo loti palibe chotuluka mu black hole silikuphwanyidwa konse.

Chitsanzo cha mvuu chithere pomwepa, chifukwa mafunde athuwa sakweza zinthu n'kuzitsitsa ayi. Amakoka mbali ina uku akufinya mbali inayo. Funde litatsikira pa Kamuzu Stadium kuchokera kumwamba, bwalo lingatalike pang'ono kuchoka pa golo ina kufika pa inzake, uku likupanikizika m'mbali. Kamphindi kena zingasinthane. Ndiye chimene LIGO imayeza si phokoso, pakuti kuthambo kulibe mpweya woti phokoso liyendemo. Imayeza kutalika kwa mitunda iwiri yopingasana n'kuona ngati wina wasiyana ndi unzake. Mawu oti "anamva" anabwera chifukwa liwiro la kugwederako limagwera momwe khutu la munthu limamva, moti ukakusandutsa phokoso pa sipika kumamveka ngati kalikhweru kakafupi kokwera m'mwamba.

Vuto ndi kuchepa kwake. Pa funde loyamba lija, la mu 2015, mtunda uliwonse unasintha ndi gawo limodzi mwa 1 wotsatana ndi maziro 21. Mtunda wa makilomita 150 miliyoni wochoka pano kufika kudzuwa unasintha ndi kukula kwa atomu imodzi. Pa mkono wa LIGO (umodzi wa mitunda iwiri yopingasana ija) wa makilomita 4, pafupifupi theka la ulendo wa minibasi wochoka m'tauni ya Blantyre kufika ku Limbe, kusinthako kunali mamita 4 × 10⁻¹⁸. Ndiye kuti mugawe proton imodzi, kachidutswa ka m'kati mwa atomu, m'magawo pafupifupi 400, mutengepo limodzi.

Makinawo ali ngati chilembo cha L. Pakona pali laser ya kuwala kosaoneka ndi maso, kwa mafunde otalika mananomita 1,064. Kuwalako kumafika pa galasi logawa, theka n'kulowa mkono wina, theka mkono unzake. Kumapeto kwa mkono uliwonse kuli galasi lokubweza. Pobwerera, magawo awiriwo amakumananso pa galasi logawa lija, ndipo mikonoyo imachunidwa kuti nsonga ya funde lochokera uku igwere m'chigwa cha funde lochokera uko, n'kufafanizana. Kachipangizo kowerenga kuwala kamakhala pafupifupi mu mdima. Mkono wina ukangotalika unzake n'kufupika, kufafanizanako sikukwanira, ndipo kuwala kumadontha. Kudontha kumeneko ndiye muyeso wonse.

Ulendo umodzi wa makilomita 4 sungakwanire, choncho pakhomo la mkono uliwonse palinso galasi lina, ndipo kuwala kumapita n'kubwerera pakati pa magalasi awiriwo pafupifupi ka 300 kusanatuluke. Ndi ulendo wa makilomita 1,200, woposa kutalika kwa dziko lathu lonse mukaliyeza pa mapu kuchoka ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Galasi linanso limabweza kuwala kumene kukanatayika kubwerera ku laser. Mu 2015 laser inkalowetsa mawati pafupifupi 20 okha, koma m'kati mwa mkono uliwonse munkazungulira makilowati pafupifupi 100, mphamvu ya maketulo a magetsi 50 akuwira nthawi imodzi.

Mwana wochenjera ngati wanuyo afunsanso kuti: ngati malo akukokedwa, kuwalako sikukukokedwa nawo limodzi, ndiye rula ndi choyezedwa n'kutalika pamodzi? Muyankheni kuti kuwala sikukugwira ntchito ya rula, kukugwira ya wotchi. Liwiro lake silisintha, ndipo laser ikuthirabe kuwala kwatsopano nthawi zonse. Mkono ukatalika, kuwala kumachedwa kubwerako. Kuchedwako ndi kumene kukuwerengedwa.

Adzafunsanso kuti galasi lopangidwa ndi maatomu lingayeze bwanji chinthu chochepa kuposa atomu. Mutengereni kunyanja. Pa Nyanja ya Malawi mafunde amatha kutalika kuposa munthu, koma akatswiri a zamadzi amanenabe kuti nyanja yakwera ndi masentimita angapo chaka chino, chifukwa sayang'ana funde limodzi, amatenga pakatikati pa miyeso yambiri. Kuwala kwa LIGO kumagwera pa galasi m'dera lotambalala masentimita oposa 10, pamaatomu osawerengeka, aliyense akunjenjemera mwa yekha. Kunjenjemera kosiyanasiyanako kumafafanizana, n'kutsala kuyenda kwa nkhope yonse ya galasi. Komanso makinawo safuna kudziwa kuti mkono ndi wautali ndendende bwanji. Amangofuna kusintha kochitika pakati pa ka 10 ndi ka masauzande angapo pa sekondi. Zochitika pang'onopang'ono kuposa apo, monga kufufuma kwa nthaka dzuwa likatentha, zimakonzedwa ndi makina ogwirizira magalasi ndipo sizilowa m'kaundula.

Tsopano ku lole.

Nthaka siikhala chete ngakhale tsiku limodzi. Mafunde a m'nyanja zamchere akamamenya gombe amagwedeza makontinenti onse pafupifupi gawo limodzi mwa 1,000 la milimita, ndipo pamwamba pake pali magalimoto, sitima, mphepo yowomba nyumba. Zonsezi n'zazikulu mabiliyoni kuposa chimene akufuna. Mankhwala ake ndi katungwe, ndipo mutha kusonyeza ana m'kalasi lero lomwe. Mangirirani mwala ku chingwe cha mita imodzi, mugwire kumapeto. Mukayendetsa dzanja pang'onopang'ono mwala umatsatira. Mukalinjenjemeretsa mofulumira, mwala umangokhala pomwepo ngati sizikuukhudza. Katungwe amakana kugwedera kofulumira kuposa kayendedwe kake, ndipo amakana molingana ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Katungwe woyenda kamodzi pa sekondi amachepetsa kugwedera kwa 10 Hz (ka 10 pa sekondi) pafupifupi ka 100. Magalasi a LIGO apachikidwa pa akatungwe anayi otsatizana, wina pansi pa mnzake, choncho pa masamu a pabolodi ndi 100 kuchulukitsa kanayi, 100 miliyoni. Ndipo katungwe wapamwamba sanamangidwe padenga wamba. Ali pa thebulo lokhala ndi zida zomva kugwedera kwa nthaka ndi zina zokankha mobweza, kuti zambiri zifere pomwepo zisanafike pa chingwe.

Galasi lililonse limalemera makilogalamu 40, ndi lotambalala masentimita 34, lochindikala masentimita 20, lopangidwa ndi silica woyengetsetsa. Limalendewera pa tizingwe tinayi ta silica yemweyo tochindikala mamilimita 0.4. Sanasankhe waya wachitsulo chifukwa chitsulo chikapindika chimakhuzana m'kati, ndipo paliponse pamene pali kukhuzana, kutentha kumasanduka kunjenjemera kofalikira pa maliwiro onse. Silica ali ngati belu labwino: kunjenjemera kwake kumaunjikana pa mawu amodzi, cha pa 500 Hz, pamene n'kosavuta kukudziwa n'kukuchotsa. Chomwe chikuwasowetsabe tulo ndi utoto wonyezimira wa pankhope ya galasi, timiyalo tosanjikiza ta silica ndi tantala. Ndi wopyapyala kuposa tsitsi, koma kunjenjemera kwake ndi kumene kumaika malire cha pakati, pomwe makinawo amamva bwino kwambiri. Ku Japan, makina a KAGRA anatsata njira ina: anawakumbira pansi pa phiri ku Kamioka, n'kuziziritsa magalasi awo a safiro mpaka madigiri pafupifupi 253 pansi pa ziro.

Mpweya nawo ndi mdani. Umakankha magalasi, ndipo kuwala kukamadutsamo kumachedwa mosiyanasiyana, monga mmene msewu wa tara umaonekera ukuvina masana a mu Okutobala. Mikono yonse ili m'mapaipi achitsulo otambalala mamita 1.2, ndipo mpweya wotsalamo ndi gawo limodzi mwa 1 thiriliyoni la umene tikupumawu. Kupopa kokha kunatenga masiku 40, ndipo mapaipiwo anawatenthetsa pa madigiri oposa 150 kwa mwezi wathunthu kuti chinyezi chobisala m'chitsulo chituluke. Palinso kanthu kamene ana amakakonda: kuwala kumayenda mowongoka koma dziko ndi lozungulira, moti pa makilomita 4 nthaka imatsika kuposa mita imodzi. Omanga anayenera kukweza maziko kumapeto kuti paipi ikhale yowongoka zenizeni.

Phokoso lomaliza ndi la kuwala kwenikweniko. Kuwala kumafika m'timadontho, ma photon, ngati mvula padenga la malata. Mvula yowaza imamveka dontho lililonse palokha, ya mkuntho imamveka ngati mkokomo umodzi wosalala. N'chifukwa chake amafuna mphamvu yambiri m'mikono. Koma ukawonjezera, madontho omwewo amayamba kumenya galasi n'kuligwedeza pa maliwiro otsika, ndiye wakonza kuno waononga uko. Kuyambira mu 2019 LIGO imalowetsa kuwala kokonzedwa mwapadera, kumene eni ake amati squeezed light, kochepetsa chisokonezo mbali imene ikufunikira n'kuchikankhira mbali ina. Pa ulendo woyeza umene unayamba pa 24 Meyi 2023 anawonjezera paipi ina ya mamita 300 kuti kufinyako kusinthe molingana ndi liwiro, mbali zonse ziwiri zipindule.

Ngakhale zonsezi zilipo, makinawo amanamizidwabe, ndipo eni ake sabisa. Ku Livingston, amodzi mwa malo awiri a LIGO, masiku oyambirira, mitengo imene odula matabwa ankagwetsa m'nkhalango yoyandikana inkalepheretsa makina kugwira ntchito masana. Ku Hanford, malo enawo, mu 2017 kunkabwera tiphokoso tosadziwika gwero, mpaka anapeza kuti ndi akhwangwala aludzu akujompha ayezi pa mapaipi a nayitirojeni kunja kwa nyumba. Chivomezi chachikulu, chichitike kulikonse padziko, monga chija cha ku Karonga mu 2009, chimatumiza mafunde oyenda mtunda wautali m'nthaka. Akafika mwamphamvu magalasi amapulumuka pamalo pake, ndipo kuwabwezeretsa kumatenga nthawi, mwina maola. Makina amodzi okha sangakhulupiriridwe. Phunziro limeneli linalowa mowawa: mu 1969 Joseph Weber wa ku yunivesite ya Maryland analengeza kuti wagwira mafundewa ndi migolo yolemera ya aluminiyamu, koma magulu ena atamanga zida zofanana sanapeze kanthu.

Apa ndi pamene pali yankho la mwana wanu. LIGO ndi makina awiri, ena ku Hanford m'chigawo cha Washington, ena ku Livingston m'chigawo cha Louisiana, otalikirana makilomita 3,000. Muuzeni agawe 3,000 ndi 300,000, liwiro la kuwala m'makilomita pa sekondi. Apeza 0.01, ndiwo mamilisekondi 10. Funde lenileni liyenera kuoneka konsekonse, lofanana maonekedwe, motalikirana nthawi yosaposa pamenepo. Lole ya ku Louisiana siimveka ku Washington. Chivomezi chimamveka konse, koma mafunde ake amayenda makilomita ochepa pa sekondi, moti angatenge mphindi zingapo kudutsa mtunda umenewo, komanso zida zoyezera zivomezi zimakhala zawaona kale.

Lolemba pa 14 Seputembala 2015, nthawi ili 11:50 m'mawa kuno kwathu, funde linafika ku Livingston, ndipo patapita mamilisekondi 7 linafika ku Hanford. Linatenga masekondi 0.2 okha. Linayamba pa 35 Hz, likukula ndi kufulumira, n'kufika cha pa 250 Hz, kenako n'kuzimirira msanga. Pulogalamu ya pakompyuta inaliona pasanathe mphindi zitatu, ndipo munthu woyamba kuliyang'ana anali wasayansi Marco Drago, ali pa desiki yake ku Hannover ku Germany. Sanalengeze mpaka pa 11 Febuluwale 2016. Miyezi isanu imeneyo inathera pofunsa funso la mwana wanu m'njira zonse.

Anayamba ndi kudzikayikira okha. LIGO inali ndi chizolowezi choti kagulu kochepa kazilowetsa funde labodza mobisa, poyesa ngati anzawo angalipeze. Mu 2010 gulu lonse linagwira ntchito miyezi ingapo pa funde lina, n'kuuzidwa pamapeto kuti linali loikamo dala. Ulendo uno anafufuza njira zonse zolowetsera ndipo panalibe amene anakhudza. Kenako anatsegula kaundula wa zida zolondera. Pamalo aliwonse pali maikolofoni, zoyezera zivomezi, zoyezera maginito, mawailesi ndi zoyang'anira magetsi, ndipo pamodzi ndi zam'kati mwa makina zimalemba mizere yoposa 200,000 ya miyeso. Chinthu chakunja choti chigwedeze galasi chiyenera kusiya phazi pa zida zimenezi, zomwe zimachimva msanga kuposa galasilo. Chimodzi chokha chinawaimitsa: pa sekondi yomweyo kunagwa mphezi yamphamvu kwambiri ku Burkina Faso, ndipo mphezi imatha kutumiza kugwedera kwa maginito kuzungulira dziko pa liwiro la kuwala, n'kufika malo onse awiri pafupifupi nthawi imodzi. Atawerengera anapeza kuti mphamvu yake inali yochepa ka 1,000 kapena kuposa poyerekeza ndi yofunika kuti ipange chimene anaona.

Nanga mwayi chabe, kuti tiphokoso tiwiri tangokumana? Pamenepa anachita zanzeru zimene ana a Fomu 4 angazimvetse. Anatenga miyeso ya masiku 16 ya makina onse awiri, n'kuseretsa ya Hanford ndi nthawi yoposa mamilisekondi 10 poyerekeza ndi ya Livingston. Pa miyeso yoseretsedwa chonchi, chilichonse chogwirizana ndi mwayi basi, chifukwa funde lenileni silingachedwe chotero. Anabwereza kuseretsako ka mamiliyoni, mpaka kupeza miyeso yabodza yofanana ndi zaka 608,000. Zotsatira zake: phokoso lingapange lokha chinthu chonga chija kosaposa kamodzi pa zaka 203,000.

Koma umboni umene ife timauona wolemera koposa ndi maonekedwe a fundelo. Masamu a Einstein amanena ndendende mmene liwiro liyenera kukwerera zinthu ziwiri zikamayandikirana, ndipo asayansi anali atakonzeratu zitsanzo pafupifupi 250,000 za mafunde a ma black hole ndi nyenyezi za neutron (zotsalira zazing'ono koma zothinana kwambiri za nyenyezi zazikulu zimene zinaphulika) zolemera mosiyanasiyana. Kompyuta imayendetsa chitsanzo chilichonse pamwamba pa phokoso kufunafuna pamene chikukwanira. Tsiku la sikelo kuchipatala ana makumi angapo amalira nthawi imodzi, koma mayi amene watuluka panja amadzidzimuka akalira wake, chifukwa mawuwo akuwadziwa kale. Ndi njira yomweyo. Funde la pa 14 Seputembala linali lamphamvu moti linkaoneka ndi maso ukangosefa pang'ono, koma lachiwiri, la pa 26 Disembala 2015, linali lokwiririka m'phokoso, ndipo popanda zitsanzozi silikanapezeka.

Kuchokera pa mmene liwiro linkakwerera amawerengera kulemera. Zinthu zopepuka zimazungulirana nthawi yaitali n'kufika pa mawu okwera kwambiri. Zolemera zimatha msanga, pa mawu otsika, monga ng'oma yaikulu imalirira pansi. Funde loyamba linasonyeza zinthu ziwiri, china cholemera ngati madzuwa 36, china 29. Funde limagwedera kawiri pa kuzungulirana kumodzi, choncho pamene linafika pa 150 Hz ziwirizo zinkazungulirana ka 75 pa sekondi, zitatalikirana makilomita pafupifupi 350, zikuthamanga cha pa theka la liwiro la kuwala. Taganizani madzuwa 65 atapanikizidwa m'dera longa la pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, koma akadali zinthu ziwiri zosakhudzana. Nyenyezi wamba ndi yotambalala makilomita oposa miliyoni, ikanagundana kalekale. Nyenyezi za neutron n'zazing'ono mokwanira, koma sizifika ngakhale madzuwa atatu. Chotsala chodziwika ndi black hole. Ndipo kuzimirira kwa kumapeto kunagwirizana ndi black hole imodzi yatsopano ikukhazikika, yolemera madzuwa 62.

Apatseni ana samu iyi: 36 kuphatikiza 29 ndi 65, koma chotsala ndi 62. Madzuwa atatu anapita kuti? Anasanduka mafunde. Dzuwa limalemera makilogalamu 2 × 10³⁰; achulukitse katatu, kenako ndi 9 × 10¹⁶ molingana ndi E = mc², apeza majulo pafupifupi 5 × 10⁴⁷, otuluka m'kuphethira kwa diso. Pachimake, mphamvu yake inaposa kuwala kwa nyenyezi zonse zooneka m'chilengedwe pamodzi. Kuti mphamvu yotere ifike kuno itachepa kuposa proton, yachokera kutali: poyerekeza kukula kumene fundelo linayenera kukhala nako ndi kumene linafika nako, mtunda umatuluka woti kuwala kungayende zaka pafupifupi 1.3 biliyoni. Nambala imeneyi musaiphunzitse ngati yokhomedwa ndi msomali. Funde limafooka mosiyana malinga ndi mmene njira ya kuzungulirana yapendekera kwa ife, choncho malire ake anali pakati pa zaka 750 miliyoni ndi 1.9 biliyoni. Ndipo kuti adziwe kuti kuwala kodontha mwakuti kukutanthauza mamita akuti, amakankha galasi dala ndi ka laser kena kamphamvu yodziwika, ngati wogulitsa nyama woona mtima amene amayesa sikelo yake ndi mwala wa kilogalamu imodzi.

Wokayikabe anakhutira mu 2017. Makina a Virgo a pafupi ndi Pisa ku Italy, a mikono ya makilomita 3, atalowa nawo, malo atatu anayamba kuloza bwino kumene funde lachokera. Pa 17 Ogasiti chaka chimenecho kunagwidwa funde la nyenyezi ziwiri za neutron, ndipo patangopita masekondi 1.7 setilaiti ya Fermi inaona kung'anima kwa gamma, kuwala kwamphamvu kwambiri kosaoneka ndi maso. Pasanathe tsiku, matelesikopu anapeza kuwala kwatsopano mu mlalang'amba wa NGC 4993, pa mtunda wa zaka za kuwala 130 miliyoni. Lole siyatsa nyali kuthambo. Chiwerengero cha zogwidwa chinafika 90 pofika mu 2020 ndipo pano chadutsa 200, zambiri mwa izo ma black hole. La pa 14 Januwale 2025 linali lofanana kwambiri ndi loyamba lija, koma linaoneka bwino kuposa katatu chifukwa phokoso lachepetsedwa, ndipo linalola kuyesa zimene Stephen Hawking ananena mu 1971, zoti nkhope ya black hole siingachepe: ziwirizo pamodzi zinali ndi masikweya kilomita pafupifupi 240,000, kuwirikiza dziko la Malawi kawiri, ndipo yobadwayo inali ndi pafupifupi 400,000.

LIGO ili ndi malire ake. Pansi pa 10 Hz nthaka imapambana, ndiye ma black hole akuluakulu a pakati pa milalang'amba, olemera madzuwa mamiliyoni, siingawagwire. Amenewo akudikira LISA, masetilaiti atatu otalikirana makilomita 2.5 miliyoni amene bungwe la European Space Agency linavomereza mu 2024. Mafunde ochedwa kuposa apo akusakidwa poyang'anira nyenyezi za pulsar, zophethira mwadongosolo ngati wotchi, ndipo pa ntchito imeneyo muli telesikopu ya MeerKAT ya mbale 64 ku Northern Cape, ku South Africa konkuno.

Chinthu chabwino koposa chimene mungachitire mwanayo ndi kumupatsa miyeso yeniyeniyo aziyang'ane yekha. Ili poyera, yaulere, pa tsamba la Gravitational Wave Open Science Center. Funani GW150914, dzina la funde loyamba lija, mutsitse masekondi 32 a Hanford ndi a Livingston, a miyeso 4,096 pa sekondi. Mafayilo ake ndi aang'ono, sadya bandulo. Mufunika chilankhulo cha pakompyuta cha Python ndi pulogalamu ya GWpy, ndipo ngati kompyuta ya kusukulu ndi yofooka, Google Colab imagwira ntchitoyi pa intaneti. Mukajambula miyesoyo ili yaiwisi simuona kanthu, ndi mizere yokwera n'kutsika ya kugwedera kwapansi, yaikulu kwambiri kuposa funde. Musataye mtima, ndi mmene ziyenera kuonekera. Gwiritsani lamulo la whiten kuti phokoso la maliwiro onse lilingane, kenako musefe kuti mutsale ndi 35 mpaka 350 Hz, ndipo muyang'ane kotala la sekondi lozungulira nthawi ya GPS 1126259462.4 (nthawi imene fundelo linafika, yowerengedwa m'masekondi).

Pali malo atatu pamene ambiri amapunthwa. Sefa imaononga poyambira ndi pothera pa miyeso, n'kupanga mafunde aakulu abodza, choncho dulani masekondi angapo mbali zonse ziwiri musanajambule. Kenako pali kulira kwa magetsi. Ngati mukusefa nokha popanda whiten, muyenera kukuchotsa padera, ndipo dzanja lozolowera magetsi a ESCOM limalemba 50 Hz; a ku America ndi 60 Hz, ndiye chotsani 60, 120 ndi 180. Pomaliza, mukasanjika mizere iwiriyo poyamba iwoneka yosagwirizana, ndipo mwanayo adzayamba kumwetulira. Bwezani mzere wa Hanford m'mbuyo ndi masekondi 0.0069, kenako muutembenuze pochulukitsa ndi -1, chifukwa mikono ya malo awiriwa inaloza mosiyana, moti pamene wina ukuona kutalika unzake ukuona kufupika. Mukatero nsonga zisanu kapena zisanu ndi imodzi zomaliza zimagona ina pamwamba pa inzake, ndipo mutha kumupempha awerenge yekha mpata wa pakati pa nsongazo ndi rula, aone mmene ukucheperachepera.